Mukufuna upayiloti? Yerekezani kaye njira izi ng'ombe za kwanu zisanapite ku msika

Kuno kuchigwa ndege si zachilendo ayi, kungoti timaziona pa zifukwa zina kusiyana ndi anzathu a ku Blantyre. Ife timaona kandege kouluka motsika pamwamba pa minda ya nzimbe ku Nchalo, timaona mahelikopita madzi akadula misewu ngati mmene zinalili mu 2015, nthawi ya Idai mu 2019 komanso Freddy mu 2023 abale athu a ku Makhanga atatsekeredwa tsidya lija, timaona tindege ta alendo opita ku Majete, nde zaka zapitazi kunabweranso madroni onyamula mankhwala m'zipatala za Nsanje ndi Chikwawa. Choncho mwana wa Fomu 4 ku Ngabu kapena ku Bangula akati ine ndikufuna kuyendetsa ndege sikuti wapenga. Vuto ndi loti ambiri, makolo omwe, amaona ngati nkhani yonse ndi kupeza laisensi basi. Pakati pa tsiku lolandira laisensi ndi tsiku lolandira salale yoyamba pamatha kudutsa zaka, ndipo njira zonse zili m'munsimu ndaziyeza ndi funso limodzi ili: maola owuluka omwe akampani amafuna aja, akulipira ndani?

Zoyenera kudziwa musanasankhe chilichonse

Choyamba ndi medikolo, osati fizi. Payiloti wolipidwa amafunika medikolo ya Class 1 ndipo sikuti mungaipange pa chipatala chilichonse, amapanga ndi madokotala okhawo ovomerezeka ndi a Civil Aviation. Amayeza mtima, maso, makutu, shuga, BP, ndipo pali kabuku kena ka timadontho tamitundumitundu, mayeso a Ishihara, amakutsegulirani tsamba n'kufunsa kuti mukuona nambala yanji. Wina amaona 74 bwinobwino, mnzake akuona 21 kapena osaona kanthu, ndipo munthu amatha kufika zaka 20 osadziwa kuti maso ake sasiyanitsa bwino chofiira ndi chobiriwira. Kuvala magalasi pakokha sikuletsa ngati akukuthandizani kuona bwino, koma khunyu ndi matenda ena a mtima amatseka chitseko. Nde pangani medikolo musanalipire ndi tambala yomwe ku sukulu iliyonse.

Chachiwiri ndi makwerero a malaisensi. PPL ndi yoyamba, mumaipeza kuyambira zaka 17 mutauluka maola osachepera 40, ku South Africa amafuna 45, koma ndi PPL simuloledwa kulandira malipiro. CPL ndi yomwe imakulolani kugwira ntchito, zaka 18, maola 200, kapena 150 ngati mwadutsa kosi yovomerezeka yophatikiza zonse pamodzi. Pamwamba pake pamafunika ma rating, kutanthauza zilolezo zowonjezera pa laisensi: instrument rating yowulukira m'mitambo ndi rating ya ndege za mainjini awiri, yomwe amangoti multi. ATPL, yomwe kaputeni wa ndege zikuluzikulu amafunika, ndi maola 1,500 ndi zaka 21. Ndipo ndege yaikulu iliyonse ili ndi type rating yakeyake, chilolezo cha mtundu umenewo wokha wa ndege, ya Boeing 737 simungaulutsire Q400. Chingerezi nachonso amayesa, pamafunika Level 4 ya ICAO, bungwe loona za ndege padziko lonse.

Apa ndichenjezepo pang'ono za mavidiyo a pa YouTube ndi TikTok. Ambiri ndi a ku America, komwe chichitikireni ngozi ya Colgan Air ya mu 2009 anakhazikitsa lamulo loti first officer, payiloti wachiwiri wokhala kumpando wakumanja, akhale ndi maola 1,500, ndipo komweko kuli makampani ang'onoang'ono ambirimbiri omwe amalimbirana mapayiloti. Kuno lamulo limalola munthu wa maola 200 kukhala kumpando wakumanja, koma mipando yakeyo ndi yowerengeka. Ndiye akamati dziko lonse likusowa mapayiloti muzimva bwino, omwe akusowa kwambiri ndi makaputeni a maola masauzande, osati ife ongotuluka kumene sukulu.

Njira iliyonse ndaiona pa zinthu zinayi: mtengo wake wonse mu ndalama yomwe mudzalipire nayodi, kupezeka kwake kwa munthu wochokera kuno, chisamaliro chomwe imafuna mukailowa kale, ndi zoopsa zake zinthu zikapanda kuyenda.

Njira yoyamba: kudzilipirira nokha sukulu kunja

Mtengo: Amalawi ambiri amalowera ku South Africa, kuli masukulu pa mabwalo a Lanseria, Grand Central ndi Wonderboom, komanso 43 Air School ku Port Alfred, ena amapita ku Nairobi pa Wilson Airport, ena ku Addis Ababa. Kuchoka pa ziro kufika pa CPL yokhala ndi instrument ndi multi ku South Africa ndi nkhani ya ndalama zoyandikira kapena kupitirira ma rand miliyoni imodzi mukaphatikiza zonse. Ndipo kotesheni yomwe amakutumizirani imakhala yowerengera maola ochepetsetsa omwe lamulo limalola, pomwe anthu ambiri amafunika kubwereza maphunziro ena, nde ola lililonse lobwereza ndi ndalama ya ndege kuphatikiza ya mphunzitsi. Onjezanipo nyumba, chakudya, medical aid yomwe viza ya sukulu imafuna, mayeso, headset, mabuku. Koma chomwe chimapha mabanja athu kwenikweni ndi foreksi. Kwacha inagwa ndi 25% mu May 2022, n'kugwanso ndi 44% mu November 2023 pamene dola inachoka pa K1,180 kufika pa K1,700 tsiku limodzi. Banja lomwe linali litasunga fizi yokwanira mu makwacha linadzuka m'mawa fiziyo isakukwananso, ndipo ngakhale ndalama muli nayo kuti kubanki akupatseni madola kapena ma rand pa nthawi yake ndi nkhondo ina.

Kupezeka: iyi ndiye njira yosavuta kulowa pa zonse. Muli ndi medikolo, Chingerezi, masamu ndi fizikisi zomveka komanso ndalama, sukulu ikulandirani mawa lomwe. Ubwino wake ndi womwewo, kuipa kwakenso ndi komweko, chifukwa palibe amene wakulonjezani ntchito, sukuluyo yangokugulitsani maphunziro.

Chisamaliro: laisensi si satifiketi ya MSCE yoti mukhoza kuitsekera m'sutikesi zaka khumi. Medikolo ya Class 1 imatha pa miyezi 12. Instrument rating imafuna kuyesedwanso chaka ndi chaka. Kuti munyamule anthu muyenera kukhala mutanyamuka ndi kutera katatu m'masiku 90 apitawo. Level 4 ya Chingerezi nayo imabwerezedwa pakapita zaka zingapo. Komanso laisensi ya ku South Africa ndi ya ndege zolembedwa ZS, kuti muyendetse za kuno zolembedwa 7Q muyenera kuisinthitsa kapena kuivomerezetsa ku Civil Aviation ya kuno. Tsono taganizani mwabwerera ku Nsanje mulibe ntchito, zonsezi muzilipira ndi chani.

Zoopsa zake: chachikulu ndi kulekezera panjira. Munthu wa maola 120 wopanda CPL ali ngati nyumba yosiyira pa windo, simungagonemo simungaigulitsenso bwino ndipo mvula ikungoigumula chaka ndi chaka, chifukwa luso limazilala ndipo mayeso olemba omwe munakhoza ali ndi nthawi yake yothera. Chachiwiri masukulu ena amagwa ndi ndalama za ophunzira, choncho musalipire fizi yonse kamodzi ngakhale atakunyengererani ndi disikaunti, lipirani gawo ndi gawo. Chachitatu ndi anthu okuuzani kuti gulani type rating ya 737 nokha ntchito ibwera, kapena lipirani kampani kuti ikuloleni kuuluka maola 300 kapena 500. Type rating ndi madola masauzande ambiri ndipo mukapanda kuigwiritsa ntchito imatha mphamvu.

Njira yachiwiri: ukadeti wa kampani ya ndege

Mtengo: apa kampani, kapena boma, ndi amene amalipira zonse kapena mbali yaikulu, inu mumasayina bondi yoti mudzawagwirira ntchito zaka zakutizakuti, mwinanso kumadulidwa pa salale mpaka ngongole ithe. Kwa mwana wa mlimi wa thonje ku Ngabu iyi ndi njira yokhayo ya upayiloti wa ndege zikuluzikulu yomwe siifuna kuti mudzi wonse usonkhe.

Kupezeka: apa mpomwe pali vuto. Kampani yathu ndi imodzi, Malawi Airlines, yomwe inayamba kuuluka mu 2014 Air Malawi itatsekedwa mu 2013, boma lili ndi 51% ndipo Ethiopian Airlines ili ndi 49%. Imapita ku Johannesburg, Dar es Salaam, Nairobi, Lusaka ndi Harare, koma ndege zake mukhoza kuziwerenga ndi zala za dzanja limodzi, nde mapayiloti omwe imafuna pa chaka sangakhale ambiri. Sukulu ya Ethiopian ku Addis Ababa ndi yaikulu ndithu koma munthu wakunja kawirikawiri amalowa modzilipirira kapena motumizidwa ndi kampani kapena boma la kwawo. Mipata ya ukadeti imatuluka mwa apo ndi apo, imakhala ndi malire a zaka, ndipo olembera amakhala khwimbi. Kuti Amalawi amafika pamwamba mu kampaniyi si nkhambakamwa ayi, mu March 2017 Kaputeni Yolanda Kaunda ndi Lusekelo Mwenifumbo anayendetsa ndege kuchoka ku Blantyre kupita ku Dar es Salaam ogwira ntchito onse m'ndegemo ali amayi, achemwali a ku Chikwawa muziikumbukira imeneyi akamakuuzani kuti ndi ntchito ya amuna.

Chisamaliro: chopepuka kwa inu chifukwa medikolo, mayeso a mu simulator (makina oyerekezera ndege) a miyezi 6 iliyonse ndi ma rating zonse amalipira ndi akampani. Chanu ndi kukhoza basi, ndipo kulephera mayeso amenewa mobwerezabwereza kumachotsetsa ntchito.

Zoopsa zake: werengani bondi ndi munthu wodziwa malamulo musanasayine, makamaka ndime yonena zomwe zichitike mukalephera kosi kapena mukadwala, chifukwa ma bondi ena amati mubweze ndalama zonse. Funsaninso kuti laisensi yake ndi CPL kapena MPL. MPL imakonzedwa motsatira kagwiridwe ka kampani imodzi ndipo ndi ya ndege za mapayiloti awiri, kampaniyo ikakusiyani musanakhwime simungangopita kukayendetsa Cessna ya tchata popanda kuwonjezera maphunziro. Ndipo makampani a ndege amagwa, si mphekesera. South African Airways inalowa mu business rescue, ndondomeko yopulumutsira kampani yomwe ikugwa, mu December 2019, SA Express inatha mu 2020, Comair inatsekedwa mu June 2022, ndipo nthawi ya Covid makadeti ambiri padziko lonse anangouzidwa kuti dikirani kunyumba.

Njira yachitatu: usilikali

Mtengo: simulipira kanthu, m'malo mwake mumalandira malipiro muli pa maphunziro. Mumalipira ndi zaka za moyo wanu.

Kupezeka: Malawi Defence Force imalengeza ikafuna kulemba anthu, pamakhala malire a zaka ndi mayeso a thupi, ndipo maphunziro a usilikali amachitikira ku MAFCO ku Salima. Koma mvetsani bwino, mumalowa ngati msilikali kaye. Kuti mupite ku nthambi ya ndege ku Zomba n'kusankhidwanso kukhala payiloti osati wa ntchito zina, amasankha ndi akuluakulu, osati inu.

Chisamaliro: zonse ndi za boma. Kungoti ndege zikakhala zochepa ndipo mafuta akuvuta maola amabwera pang'onopang'ono, nde mukadzafuna kupita ku kampani ya anthu wamba mudzafunikabe kulemba mayeso kuti mupeze laisensi ya civil.

Zoopsa zake: simungangosiya tsiku lomwe mwafuna, ndipo mumauluka pomwe ena sakanauluka, nyengo yoipa, mabwalo ovuta, nthawi ya ngozi zogwa mwadzidzidzi. Tonse tikukumbukira Dornier 228 yomwe inagwa ku Chikangawa pa 10 June 2024 n'kupha anthu 9 kuphatikizapo wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko Dr Saulos Chilima. Komabe ngati chomwe chinakukokerani ku ndege ndi helikopita ija munaiona ikutsitsa ufa kwa anthu ozingidwa ndi madzi, ntchito ya mtundu umenewo imapezeka kwambiri mbali ino kusiyana ndi ku kampani ya ma 737.

Njira yachinayi: intanishipu ndi ntchito za pansi

Iyi ambiri amaiderera, ena amaikweza mopitirira, nde tiyeni tiione bwinobwino. Tikunena za atachimenti kapena ntchito mu ofesi ya operations ndi dispatch komwe amakonzera maulendo a ndege, kwa okonza ndege ku hangar, kwa othandiza ndege ikatera ngati a LIHACO, ku air traffic control (ATC) komwe amalondolera ndege, ku zanyengo, kapena ku ofesi ya safety.

Mtengo: wotsika kwambiri poyerekeza ndi kuuluka, koma si waulere. Mabwalo akuluakulu ndi awiri, Chileka ku Blantyre ndi KIA ku Lumbadzi, ndiye munthu wa ku Nsanje ayenera kupeza pogona ndi thiransipoti ya tsiku ndi tsiku pomwe intanishipu zambiri zimapereka kandalama kochepa kapena osapereka n'komwe. Amene ali ndi azakhali ku Chirimba kapena ku Lunzu zake zayera kale.

Kupezeka: kuli bwinoko kusiyana ndi ukadeti, makamaka ngati muli kale pa koleji mukuphunzira uinjiniya, zanyengo, kapena za kayendedwe ka katundu. Malo ambiri salengeza, mumalemba kalata nokha n'kukaisiya, n'kumakafunsa. Ku KIA kulinso School of Aviation yomwe imaphunzitsa ntchito za pabwalo la ndege, musaisokoneze ndi sukulu yopereka CPL.

Chisamaliro: chochepa. Ma satifiketi a chitetezo ndi a katundu woopsa amabwerezedwa nthawi ndi nthawi koma mukalembedwa ntchito amalipira ndi abwana. A air traffic control amafunika medikolo yawo ya Class 3.

Zoopsa zake: nenani poyera, miyezi 6 mu ofesi ya dispatch siyikuwonjezerani ngakhale mphindi imodzi mu logbook, buku lolembamo maola omwe mwauluka. Palibe kampani yomwe ingakuikeni kumpando wakumanja chifukwa choti munkapanga fotokope bwino. Ndipo pali msampha wa kuzolowera, mwalembedwa, kasalale kayamba kubwera, kunyumba ayamba kudalira inu pa fizi ya ang'ono anu ndi feteleza, zaka 10 zadutsa ndalama ya CPL sinasonkhanitsidwe. Palinso malo ena omwe intani amangomutuma kukagula chakudya cha masana, ngati pakutha mwezi simunakhudze load sheet kapena flight plan dandaulani kapena chokanipo.

Nanga phindu lake ndi lotani? Tangoganizani masana a mu October pa Chileka dzuwa likuswa mtengo. Mpweya wotentha umakhala wopepuka, mapiko sagwira bwino, mainjini sakoka mokwanira, ndege imafuna msewu wautali kuti inyamuke. Wa dispatch ali pa kompyuta akuwerengera kulemera kwa anthu, katundu ndi mafuta, kenako akuuza kaputeni kuti kuti tinyamuke bwino zikwama zakuti zitsale zibwere mawa, kunja apaulendo akukalipa. Munthu amene wakhala pampando umenewo chaka chathunthu akadzapita ku sukulu ya ndege mayeso a performance, mass and balance, meteorology ndi flight planning samuvuta ngati anzake, ndipo ku South Africa pasi maki ndi 75% nde kusabwereza mayeso ndi ndalama yopulumutsidwa. Ife a kuchigwa komwe Ngabu ndi Nsanje zimapitirira madigiri 40 nkhani ya kutenthayi tiyenera kuidziwa kuposa wina aliyense. Chachiwiri, dziko la ndege ku Malawi ndi laling'ono, aliyense amadziwana, ndiye mpata ukamatuluka chief pilot amayamba wakumbukira nkhope yomwe amaiona 5 koloko m'mawa ili pantchito osachedwa. Chachitatu, ndipo ichi kwa ine ndi chachikulu, mumaona moyo wa payiloti pafupi, kudzuka usiku, kugona m'mahotela, kusowa pa maliro ndi pa maukwati a kwanu, musanawononge ndalama. Ena amatuluka m'menemo atazindikira kuti chomwe amakonda ndi uinjiniya wa ndege kapena ATC, zomwe ndi ntchito zolemekezeka zokhala ndi malaisensi akeake.

Njira yachisanu: muli nayo kale CPL, kuphunzitsa kapena tchata zakutchire

Mtengo: kuti mukhale instructor mumafunika rating ina, ku South Africa imayambira pa Grade III, ndi ndalama yowonjezera koma yochepa kwambiri poyerekeza ndi type rating ya jeti. Tchata zakutchire zimafuna kuti mudziwe ndege ngati Cessna 206 kapena 210, kenako Caravan, komanso ndalama yokhalira miyezi ingapo pamalo pomwe pali makampaniwo mukudikira.

Kupezeka: malo odziwika ndi Maun ku Botswana komwe tindege timanyamula alendo kupita m'makampu a ku Okavango, Arusha ndi Dar es Salaam ku Tanzania, Wilson ku Nairobi, ndi Zambia. Ntchito zimenezi sizipezeka pa imelo kawirikawiri, anthu amapita okha CV kumanja n'kumazungulira ma hangar nyengo ya alendo isanayambe. Koma maiko onsewa amayamba aona nzika zawo, pamiti ya ntchito kwa mlendo wa maola ochepa ndi yovuta, ndipo viza ya sukulu si pamiti ya ntchito, musadzanamizidwe kuti mukamaliza tidzakulembani konkuno popanda kukuonetsani mmene mapepala adzayendere. Kuno kwathu tchata zilipo zopita ku Likoma, Nyika, Liwonde ndi Majete koma ndi zochepa. Za kupopera nzimbe zija musaziwerengere ngati ntchito yoyamba, kuuluka mamita ochepa pamwamba pa munda pafupi ndi mawaya a magetsi kumafuna rating yapadera ndi luso lokhwima, ndipo a inshuwalansi salola mwana wa maola 200.

Chisamaliro: ubwino wa njira ziwirizi ndi woti laisensi imadzisamalira yokha chifukwa mukuuluka, ndipo maola akulipira ndi wina. Malipiro ndi ochepa, instructor nthawi zambiri amalipidwa pa ola lomwe wauluka nde sabata ya mvula ndi sabata ya njala.

Zoopsa zake: kutchire muli nokha, palibe kaputeni wokuuzani kuti bwerera. Bwalo lafumbi, nyama pa msewu wa ndege, mitambo ya mvula ikukwera masana, alendo akuumiriza kuti anyamuke ndi zikwama zolemera, bwana akuimba foni. Payiloti wachinyamata woopa kuchotsedwa ntchito amavomera zomwe sakanayenera kuvomera. Maola a instructor ndi odekha koma ambiri ndi a injini imodzi pafupi ndi bwalo lomwelo, ndiye muziyesetsa kukwera giredi kuti muziphunzitsa instrument ndi multi. Makampani akuluakulu amakonda maola a PIC, omwe inuyo ndi amene munali mwini chiganizo, ndipo njira ziwirizi zonse zimapereka amenewo.

Njira yachisanu ndi chimodzi: madroni

Mtengo ndi wotsikitsitsa pa zonse. African Drone and Data Academy inatsegulidwa mu January 2020 ndi thandizo la UNICEF mogwirizana ndi Virginia Tech ndi MUST ya ku Thyolo, yomwe kwa ife ndi pafupi, kungokwera phiri. Kupezeka kwake kumadalira ma intake, koma ntchito yake kuno ndi yooneka ndi maso: kujambula mapu a malo osefukira madzi m'mbali mwa Shire ndi Ruo, kuyang'anira minda ya nzimbe, kulondera nyama, kutumiza mankhwala ndi magazi oyezetsa kumalo komwe msewu umaduka. Chisamaliro ndi mabatire, mapulopela, kompyuta yamphamvu ndi chilolezo cha Civil Aviation. Zoopsa zake ndi ziwiri, ntchito zambiri zimayendera ndalama za mabungwe nde pulojekiti ikatha inunso mwatha, komanso maola a droni sawerengedwa pa laisensi ya ndege. Ndi ntchito payokha, si khomo lakumbuyo lolowera mu Boeing.

Nde ndani atenge iti

Ngati banja lanu lili ndi ndalama yonse, ndikuti yonse mpaka CPL, instrument, multi ndi instructor rating, kuphatikizapo ina yapadera yokwanira kukusungani chaka chimodzi mulibe ntchito, ndipo ndalamayo ili kale mu madola kapena ma rand, pitani ku njira yoyamba mutapanga medikolo, n'kukonzekeratu kuti ntchito yanu yoyamba idzakhala ya njira yachisanu osati ya jeti.

Ngati ndalama ilipo yofika pa PPL yokha, kapena ikudalira kuti ng'ombe zigulitsidwe ndi malume a ku Joni apitirize kutumiza, musayambe kaye. Lowani koleji, tengani dipuloma kapena digiri ya uinjiniya kapena zanyengo, funani atachimenti pa Chileka kapena KIA, muzisunga ndalama uku mukulembera ukadeti uliwonse womwe watuluka zaka zanu zisanapitirire malire.

Ngati kwanu kulibe chilichonse koma MSCE yanu ili ndi masamu, fizikisi ndi Chingerezi zabwino ndipo thupi ndi lolimba, njira zanu ndi ziwiri, ukadeti ndi usilikali, lemberani zonse, koma usilikali muulowe pokhapokha ngati mungakhale okondwa kukhala msilikali ngakhale atapanda kukupatsani ndege.

Amene muli ndi CPL kale ndipo mwakhala pakhomo chaka, musathamangire ngongole ya type rating popanda kalata ya ntchito m'manja. Instructor rating kapena ntchito ya dispatch pa kampani ya tchata, komwe ndege ili pafupi ndipo mwina angakupatseni mpando pa ulendo wopanda apaulendo, ndi yomwe ingakusungireni laisensi. Ndipo mukapatsidwa zonse ziwiri nthawi imodzi, intanishipu ya mu ofesi pa kampani yaikulu ndi ntchito yowulutsa ka Cessna 206 pa kampani yaing'ono yosamala bwino ndege zake, tengani ka 206.

Medikolo ya Class 1 ikakukanani, funsani dokotala yemweyo ngati Class 3 ya ATC ingatheke popeza zina zomwe amayeza ndi zofanana, apo ayi uinjiniya wa ndege, dispatch ndi madroni zilipo. Ndipo amene simukufuna kuchoka kuchigwa kuno chifukwa cha makolo okalamba kapena munda, pa njira zonsezi ya madroni yokha ndi yomwe mungaigwire mukugona kwanu ku Nchalo kapena ku Bangula.